Musanagule laini yachiwiri ya intaneti, dziwani chomwe mukugula

A Mkonzi,

Tiloleni kudzera m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi eni malo ogona alendo, masukulu ndi maofesi kuno ku Mangochi, kuyambira pa Boma mpaka ku Monkey Bay, Cape Maclear ndi Namwera. Ife ndife amisiri olumikiza intaneti. Anthu ambiri akugula laini yachiwiri, ya TNM pambali pa ya Airtel, ena akuwonjezerapo Starlink, intaneti ya setilaiti yomwe inayamba kupezeka m'Malawi muno mu 2023, ali ndi chiyembekezo choti akaphatikiza malainiwo liwiro liwirikiza. Ndalama zikulowa m'madzi chifukwa ambiri sauzidwa kuti njira zophatikizira zilipo ziwiri, ndipo n'zosiyana kutali.

Yoyamba ndi load balancing. Rauta (kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba) yokhala ndi mapoti a WAN, olowetsera malaini a intaneti, awiri kapena atatu, monga za MikroTik kapena TP-Link ER605, imagawa ntchito: foni iyi idzere laini iyi, kompyuta iyo idzere inayo. Zili ngati maboti awiri padoko, anthu amawoloka ambiri, koma munthu mmodzi sangakwere onse awiri. Mukakhala ndi laini ya liwiro la 20 Mbps ndi ina ya 10 Mbps, alendo 15 agawana 30 Mbps. Koma amene akutsitsa fayilo imodzi sapyola 20, ndipo akagwera ku laini yaing'onoyo apeza 10 basi. Fayilo ya 1 GB pa 10 Mbps imatenga mphindi zoposa 13, laini inayo ili chikhalire. Musakomedwe ndi nambala ya pulogalamu yoyezera liwiro, chifukwa iyo imatsegula njira zingapo nthawi imodzi, choncho ikhoza kuonetsa 30 pamene Zoom yanu ikudzera laini imodzi yokha.

Yachiwiri ndi bonding, ndipo iyi ndiyo imaphatikizadi. Uthenga umodzi umaduliridwa m'timapaketi, timapaketito timadzera malaini onse, kenako n'kukasonkhanitsidwanso pa seva, kompyuta ya kutali yolumikizidwa pa intaneti. Seva imeneyo ndiye pagona nkhani. Muyenera kuibwereka ndi kumailipira mwezi ndi mwezi, kawirikawiri mu ndalama zakunja. Pulogalamu ya OpenMPTCProuter ndi yaulere koma seva ndi yanu, pomwe Speedify ndi SpeedFusion ya Peplink ndi zolipira. Sankhani seva ya pafupi, ya ku Johannesburg osati ya ku London, kuti uthenga usamazungulire. Ngakhale zitatero 30 yathunthu simungaipeze: laini imodzi ikamachedwa kuyankha, timapaketi ta inayo timadikirira anzawo, ndiponso ka paketi kalikonse kamasenza zolembera zina zomwe zimadya bandulo. Ife timaona kuti bonding ndi ya amene amaulutsa ukwati, mapemphero kapena msonkhano pa Facebook, omwe chithunzi chikaduka ntchito yawonongeka. Loji, sukulu ndi ofesi, load balancing yokonzedwa bwino ikukwanirani.

Kukonza bwinoko kumayambira pa kusankha malaini. Ma SIM awiri a kampani imodzi amakoka pa nsanja imodzi. Nsanjayo ikadzaza madzulo onse amafooka, ikathima onse amathima. Tengani makampani osiyana, ndipo mugule modemu ya 4G (kachipangizo koikamo SIM) yokhala ndi poti ya waya, chifukwa ka MiFi kam'thumba kawirikawiri kalibe.

Mukalumikiza, yang'anani ma adiresi, manambala omwe zipangizo zimadziwika nawo pa netiweki. Mamodemu ambiri a Huawei amabwera ndi 192.168.8.1. Awiri otere akakumana pa rauta imodzi, rautayo imasokonezeka ndipo laini imodzi imangokhala. Sinthani imodzi ikhale 192.168.9.1, adiresi ya netiweki ya m'nyumba mwanu ikhalenso ina. Kenako yezani laini iliyonse payokha, m'mawa, masana ndi cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo mugawe ntchito motengera liwiro la usikulo. Ngati ndi 20 ndi 10, gawani 2 kwa 1. Pa rauta ya MikroTik zimenezi zimachitika ndi njira yogawira yotchedwa PCC: 3/0 ndi 3/1 ku laini yaikulu, 3/2 ku yaing'ono. Mukagawa mofanana, theka la anthu lidzapanikizana pa laini yofookayo n'kumadandaula kuti intaneti yaipa kuposa kale, ndipo adzakhala akunena zoona.

Vuto lomwe limasautsa kwambiri ndi la mabanki. Laini iliyonse imatulukira pa adiresi ya IP yakeyake. Wowerengera ndalama amalowa pa tsamba la banki kudzera laini yoyamba, akadina kuti alipire rauta n'kumutumiza ku yachiwiri. Banki ikaona kuti adiresi yasintha imaganiza kuti ndi mbala, n'kumutulutsa. Izi si vuto la banki. Uzani rauta kuti munthu akayamba kulankhula ndi tsamba lina asasunthidwe: pa PCC sankhani both-addresses m'malo mwa both-addresses-and-ports, pa rauta ya OpenWrt yatsani sticky mu pulogalamu ya mwan3, pa TP-Link yatsani Application Optimized Routing. Kompyuta ya wowerengera ndalama ndi makina olipirira ndi khadi ndi bwino kungozikhomera pa laini imodzi, zizisamuka pokhapokha lainiyo yafa.

Nanga rauta idziwa bwanji kuti laini yafa? Apa amisiri anzathu ambiri amachita mwachidule. Amaiuza kuti izifunsa modemu ngati ilipo. Modemu imayankha ngakhale bandulo yatha kapena nsanja yathima, popeza ili pa tebulo lomwelo ndipo magetsi ake akuyaka. Rauta imapitiriza kutumiza anthu ku laini yakufa, ena masamba akutseguka, ena ayi, mwini loji n'kumazimitsa ndi kuyatsa zonse osadziwa chalakwika. Iuzeni izipima ma adiresi a kunja, awiri osati imodzi, monga 8.8.8.8 ndi 1.1.1.1, masekondi 5 kapena 10 aliwonse, ndipo izichotsa laini ikalephera katatu motsatizana. Pa DNS, yomwe imasandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi, gwiritsaninso ntchito omwewa, chifukwa DNS ya kampani imodzi ikhoza kukana zofunsa zochokera ku inzake.

Ngati laini imodzi ndi ya bandulo yowerengeka ndipo inayo ilibe malire, musazigawire ntchito limodzi. Ya banduloyo ikhale yodikirira, apo ayi makompyuta akayamba kutsitsa zatsopano za Windows usiku, m'mawa mupeza yatha.

Za magetsi: rauta ndi mamodemu awiri zimadya pafupifupi mawati 25. Batire ya 12V 7Ah imasunga mawati-ola 84, choncho musayembekezere kuposa maola atatu, ndipo ikamakalamba amachepa. Starlink yaikulu payokha imafuna mawati 50 kupita m'mwamba. Ndi kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala, musatsekere zipangizozi m'kabati kapena pansi penipeni pa malata, modemu ikatentha imadzichepetsa liwiro kapena kudziyatsanso. Waya wa Ethernet usapitirire mamita 100, ndipo wodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri aikidwe chotetezera mphezi mvula isanayambe.

Musanamalize kulipira mmisiri, yesani ntchito yake iye ali pomwepo. Lowani pa banki ndi kuyendamo mphindi zingapo. Kenako chotsani SIM mu modemu imodzi n'kuiyatsanso, waya uli chilumikizire, muone ngati mafoni onse abwerera pa intaneti pasanathe mphindi imodzi. Bwezerani SIM, muchitenso chimodzimodzi ndi modemu inayo.

Ndife,
Amisiri olumikiza intaneti,
Mangochi Boma