Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zachuma: mboni za 1959 zikutha tisanazijambule mawu

Olemekezeka a Nduna,

Landirani ulemu wathu. Makalata oyenda mwakachetechete tatopa nawo, choncho iyi tailemba poyera.

Munthu amene anali ndi zaka 18 pa 3 March 1959, tsiku limene asilikali a atsamunda anawombera anthu ku Nkhata Bay, lero wadutsa zaka 80. Chaka ndi chaka timayala nkhata za maluwa, koma mboni zenizenizo zikupita kumanda ndi nkhani zawo. Ngakhale mawu amene anajambulidwa kale ali pangozi. Makaseti ali m'makatoni m'nyumba za anthu, dzinja likafika amachita nkhungu, tepi imamatirirana, ndipo ukangoiseweretsa imaduka gogo ali pakati pa chiganizo. Kaseti ya C90 siithamangitsidwa: uyambe wachotsa nkhunguyo, kenako ukhale pomwepo mphindi 90 zathunthu ikusamukira pa kompyuta. Ola limodzi locheza ndi mboni limadya maola 5 kapena 6 kuti ulilembe papepala. Ukatero usunge makope atatu, limodzi kumalo ena, chifukwa hard drive ikapsa ndi kuthimathima kwa magetsi zonse zathera pomwepo. Zofunika ndi anthu awiri, chojambulira mawu, fomu ya chilolezo ndi ndalama yoyendera. Bwana, si ndalama yomangira msewu wa phula imeneyi.

Zodikira n'zambiri: ndende ya Mikuyu, ku Thambani kumene anaphedwa a Gadama, a Matenje, a Sangala ndi a Chiwanga mu 1983, manda a ku Zolozolo a anthu ophedwa pa zionetsero za July 2011, mapepala amene chiswe chikudya. Maphunziro a ufulu ndi udindo wa nzika nawonso amadzuka chisankho chikayandikira, abwenzi akunja akatulutsa ndalama. Mavoti akawerengedwa, zii.

Tikudziwa kuti thumba la boma ndi lobooka ndipo zipatala zikusowa mankhwala. Koma malonjezo tamva ambiri. National Compensation Tribunal, nthambi yopereka chipepeso kwa ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi imene inabwera ndi malamulo aakulu a dziko a 1994, inatsekedwa anthu ambiri ozunzidwa asanalandire chipepeso, mpaka Ombudsman, mkulu womva madandaulo a anthu, anachita kukumbutsa boma mu 2017. Anthu amenewo angamanidwe chipepeso, n'kumanidwanso wowamvetsera?

Pempho lathu ndi ili. Mu bajeti imene iyambe kugwira ntchito pa 1 April muikemo thumba lapadera lothandiza mabungwe ang'onoang'ono osunga mbiri ndi ophunzitsa nzika. Lizilengezedwa pa wailesi, mafomu akhale m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, osankha asakhale a chipani, ndipo mayina a olandira ndi kuchuluka kwa ndalama azisindikizidwa m'nyuzipepala. Gawo loyamba lizituluka mu May, mvula itakata. Ndalama yofika mu January imapeza milatho itakokoloka. Musazisunge miyezi yambiri, poti kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunaonetsa mmene bajeti yolembedwa kale imasungunukira. Gulu la m'mudzi lizipereka malisiti ndi lipoti lalifupi, osati kulikakamiza kulemba ma auditor, akatswiri ounika mabuku a ndalama, amene malipiro awo angapose thandizo lenilenilo. Ndipo aliyense wolandira azikasiya kope la zimene wajambula ku National Archives, nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba, asanapatsidwe gawo lomaliza.

Tikudikira yankho lanu bajetiyo isanapite ku Nyumba ya Malamulo.

Ife anu,
Ogwira ntchito yosunga mbiri, Lilongwe