Kwa mwana wanga, pa nkhani ya magazi a agogo ako

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, mayi ako mwendo uja wayamba kupepuka. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ndikufuna uiwerenge uli wekha, mtima uli pansi, popanda kundidula mawu.

Malume ako andifotokozera kuti mpongozi wathu ali kwa mchemwali wake pamodzi ndi ana, tsaya lili lotupa ndi mbama imene unamuwomba. Andiuzanso yankho lako. Akuti unanena kuti ukali ndi wakumtundu, agogo ako aamuna anali otero, ndipo munthu sangathawe magazi ake. Kenaka unawatumizira kavidiyo pa WhatsApp konena kuti asayansi anapeza zoti ubongo umagamula mwini wake asanadziwe, choncho palibe munthu amene amasankha kanthu. Kavidiyoko ndakaonera. Mbama ija yandiwawa, koma yankho lakoli ndi limene landisowetsa tulo, chifukwa mwamuna amene wakhulupirira kuti dzanja lake silimvera iye adzamenyanso.

Pali zoona m'mawu ako, ndipo sindizikana. Palibe amene anasankha mimba yobadwiramo. Ena amabadwa ofatsa, ena mtima wapachala, ndipo iwe ukadali wakhanda kulira kwako kunkamveka mudzi wonse. Agogo akowo anali bambo anga, ndinawadziwa kuposa iwe, ndipo ukali wawo sunali nthano. N'zoonanso kuti khalidwe limakhudzana ndi ubongo. Mu 1848 ku America, chitsulo chinapyoza mutu wa Phineas Gage, kapitawo wa anthu okonza njanji. Anapulumuka, koma dokotala wake analemba kuti khalidwe lake linasinthiratu. Zimenezi n'zenizeni.

Koma tandiyankha ichi. Unandiuza wekha kuti bwana wako amakukalipira pamaso pa anyamata amene iwe umawayang'anira. Unayamba wamuwombapo mbama? Wapolisi wa pamsewu akakuimitsa padzuwa n'kumakufunsa mafunso obwerezabwereza, magazi a agogo ako amakhala atapita kuti? Umaseka, umati "pepani bwana", mkwiyo umaumeza. Ndiye kuti mkwiyo wakowo uli ndi maso. Umadziwa amene angakuchotse ntchito, amene angakutsekere m'chitokosi, ndi amene sangabwezere. Chinthu chimene chimatha kusiyanitsa bwana ndi mkazi wako, n'kudikira mpaka chitseko cha kunyumba chitatsekedwa, usachitche chibadwa. Pamenepo pali kusankha, ndipo wosankhayo ndiwe.

Za kavidiyo kaja. Kafukufuku amene akunenayo ndi wa Benjamin Libet, amene anasindikizidwa mu 1983. Anthu ankawauza kuti agwedeze chala kapena dzanja nthawi iliyonse imene afuna, akuyang'ana kadontho kozungulira ngati muvi wa wotchi, kwinaku makina akuyeza mphamvu ya mu ubongo. Anapeza kuti ubongo umayamba kukonzekera pafupifupi theka la sekondi dzanja lisanagwedezeke, pamene munthuyo amazindikira kuti akufuna kugwedeza patangotsala gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Chimene wokonza kavidiyoyo sanakuuze n'chakuti Libet mwini wake sanavomereze kuti ufulu wosankha watha. Iye ankati m'kanthawi kotsalako munthu angathe kukana, dzanja osanyamuka. Komanso kugwedeza chala popanda chifukwa n'kosiyana kutali ndi kusunga banja. Mbama yako sinayambe theka la sekondi usanaiwombe. Inayamba tsiku la malipiro pamene unakhotera ku bala, inakula pamene unazimitsa foni, inakhwima panjira pamene unkakonza mawu oti ukanene akakufunsa za ndalama ya sukulu ya ana. Ponse pamenepo panali mphambano.

Zaka zimene ndinkamasulira kukhoti zinandiphunzitsa kuti anthu oimbidwa milandu ali ndi nyimbo zitatu: "Ndi Satana, bwana", "ndinalodzedwa", ndi "unali mowa". Yako ya ubongoyi yangovala suti, koma ndi mbale wawo. Usaganize kuti lamulo ndi louma mtima pa zofooka za munthu. Kamwana kakang'ono sikaimbidwa mlandu. Wamisala weniweni saweruzidwa ngati wabwinobwino, ndipo muyeso wake tinautengera ku Britain, kuchokera pa mlandu wa Daniel M'Naghten wa mu 1843, amene anawombera mlembi wa Robert Peel, nduna yaikulu ya dzikolo, mutu utamusokonekera. Funso limakhala lakuti: kodi munthuyu ankadziwa chimene akuchita, ndipo ankadziwa kuti n'cholakwa? Iwe unkadziwa. Umboni wake ndi wakuti m'mawa mwake unapempha mkazi wako kuti asauze anthu. Koma mowa womwa wekha ndi manja ako, khoti siliulandira ngati chokuchotsera mlandu.

Ndikuuze za mlandu wina umene ndimaukonda, chifukwa umaonetsa pamene chifundo chimakhala. Mu 2007 Khoti Lalikulu la dziko lino, pa mlandu wa Kafantayeni, linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopha munthu popanda kumva mbiri yake. Zitatero, akaidi ambiri anabwereranso pamaso pa oweruza, ndipo khoti linamva za umphawi wawo, matenda a maganizo, ubwana wawo, ndi mmene anasinthira ali kundende. Ambiri anatulutsidwa. Taona bwino: mbiri ya munthu inapeputsa chilango, koma palibe woweruza amene ananena kuti wophedwayo anadzipha yekha. Ndi mmenenso amachitira pabwalo la mfumu kwathu kuno. Amafunsa ngati zinali zadala kapena zangozi, amamva mbali zonse, koma ng'ombe zako zikadya chimanga cha mnzako, umalipa ndiwe. Ndiye ukali wa agogo ako ukhoza kundithandiza kukumvetsa, koma sungakuchotsere chindapusa.

Mwina udzathawira ku tchalitchi, n'kunena kuti zonse zinalembedwa kale. Ife a Nkhoma tinalandira chiphunzitso cha kusankhidwiratu kuchokera kwa amishoni a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889, ndipo mizu yake ili ku msonkhano wa mpingo wa ku Dort, m'dziko la Netherlands, wa mu 1618 ndi 1619. Ndi nkhani yakuya, akuluakulu a mpingo akhala akuikangana kuyambira masiku a Augustine ndi Pelagius. Koma chiphunzitsocho chimanena za chisomo chopulumutsa, osati chilolezo chomenya mkazi. Mpingo womwewo umaitana munthu pamaso pa akulu ampingo n'kumuika pa chilango. Ngakhale Kaini anachenjezedwa nkhope itagwa kale ndi mkwiyo, kuti tchimo lamubisalira pakhomo koma ayenera kuligonjetsa. Mulungu sakanalankhula choncho kwa munthu wopanda mphamvu yobweza dzanja.

Tsono magazi ukunenawo anadzera mwa ine asanafike kwa iwe. M'nyumba imene unakuliramo, unaonapo mayi ako akubisa nkhope? Usaganize kuti moto umenewo ine ndinalibe. Ndili nawo mpaka lero. Unkandiona ndikunyamula khasu madzulo kupita kudimba popanda chokalima chenicheni; kunali kuthawitsa dzanja langa. Ndinaona zimene mayi anga anapirira, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti zithere pa iwo. Mvula sitiilamula, koma mlimi wa pamtsetse amaika akalozera mvula isanagwe, chifukwa madzi akayamba kuthamanga sungawaimitse ndi manja. Ufulu wa munthu waukali uli pamenepo: m'maola amene mtima uli pansi, pamene angathe kukonza zoti akadzapsa mtima adzapeze njira yotulukira.

Ndipo zimenezi sungazithe wekha. Makolo anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Akanakhala kuti ankakhulupirira zoti munthu amafa mmene anabadwira, sakanavutika kulanga anamwali kapena kuika ankhoswe pa ukwati. Ankadziwa kuti umunthu umaumbidwa, ndipo amauumba ndi anthu anzako amene wawalola kukudzudzula.

Ankhoswe a mbali zonse adzakumana Loweruka kwa malume ako. Ukapite usanalawe kanthu. Ukakhale pansi, ukanene ndi pakamwa pako kuti unamenya mkazi wako ndipo unalakwa, osatchulapo agogo, mowa kapena ubongo. Usakamukakamize kubwerera. Ali ndi ufulu wokana, ndipo lamulo la mu 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lili kumbali yake. Akasankha kupita kupolisi, ine sindidzamuletsa. Ndalama ya chakudya ndi ya sukulu uzitumiza kumene ali, abwerere kapena asabwerere. Mowa uusiye, ndipo upeze mlangizi wa za maganizo kuchipatala kapena mkulu wampingo amene sakuopa, uzikaonana naye mowirikiza.

Ine ndidzafika Lachisanu madzulo ndi basi, ndidzagona kwa iwe kuti tidzapitire limodzi. Mayi ako akupereka moni, ndipo akupempha kuti uwaimbire ukamaliza kuwerenga.

Ndine bambo ako okukonda.