Kalata yochokera ku Faenza

Wokondedwa Tadala,

Kalata yako ndinaiwerengera m'ndege, ndiye usamauze anthu kuti ndinakutaya. Ndili ku Faenza, ku Italy, kuchionetsero cha zoumba chotchedwa Argillà, chimene chimachitika kamodzi pa zaka ziwiri. Ine ndemwe unkati ndidzakalambira padongo!

Za ulendo usandifunse. Maola 7 ndili tong'o pabenchi ku Addis Ababa, usiku wonse mlengalenga mpaka ku Rome, kenako sitima ziwiri kudzera ku Bologna. Sutikesi amalola makilogalamu 23 basi, ndiye ndinatulutsa zovala n'kulongedza mbale. Mitsuko iwiri inafika ili mapale, ndipo lero ndi tsiku lachitatu ndili m'diresi limodzi. Mapazi anatupa, nsapato zikundiluma.

Koma chikundisowetsa tulo ndi dongo lija ndinasiya kuseri. Ndinalipondaponda masabata atatu, timiyala kuchotsa ndi zala, kenako ndinalisiyira Mphatso kuti azinyowetsa chiguduli m'mawa uliwonse. Mphatsotu! Amene anaiwala mwana wake kuchipatala uja. Foni sakuyankha.

Dzulo ndinalowa m'nyumba yawo yaikulu yosungiramo zoumba, imene inakhazikitsidwa mu 1908. Mabomba anaigumula mu 1944, ndipo akatswiri ngati Picasso anapereka zoumba zawo kuti idzukenso. Anthu ali duu kuyang'ana, ine mumtima ndikufunsa ngati chiguduli chanyowa. Bambo woyandikana nane pamsika anandionetsa pakhoma pamene madzi a mtsinje wa Lamone analekeza mu 2023, ataononga ng'anjo yake. Ndinamumvera chisoni, komabe ndinalakalaka ndowa imodzi ya madziwo itafika kuseri kwathu. Mulungu andikhululukire.

Kuno amapikisana kuumba pagudumu lozungulira, mphika kumera ngati bowa uli chipenyere. Ine ndi manja anga omwewa. Mayi wina anasisita mtsuko wanga n'kufunsa kuti ndinapaka chiyani kuti uwale chonchi. Ndinatulutsa kamwala kokulungizira kaja anandipatsa a Nabanda, amene anandiphunzitsa kuumba. Mayiyo anakagwira nthawi yaitali, kenako anagula mtsukowo osanenerera. Ndinapita kuseri kwa tebulo kukalira. A Nabanda anafera chiyani asanaone zimenezi, Tadala? Dzina langa lili papepala, pamene manjawa ndi awo.

Ukamuimbira Mphatso usamukalipire, amakwiya msanga. Ungomuuza kuti likauma alithire madzi pang'onopang'ono, asalimize, ndipo ngati nkhuku zija zayambanso... pepala lathera pano, magetsinso akuzimitsa.

Ndine,
Chisomo