Zipatso ziziikidwa m'botolo, osati mu mtsuko wa kombucha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga a kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota amene ayamba kufulula kombucha, tiyi wa shuga uja amasasitsidwa ndi scoby, chinthu choterera chimene chimayandama pamwamba pa mtsuko. Ambiri akumadandaula kuti scoby yawo yafa kapena yachita chuku, ndipo mukafunsitsa mupeza kuti anaponyera mango kapena jinja mu mtsuko momwemo pofuna kukometsa. Vuto limayambira pamenepo.

Kufulula kumeneku kuli pawiri. Poyamba mu mtsuko mumalowa zinthu zinayi zokha: madzi owiritsa lita imodzi, masamba a tiyi wamba wa ku Thyolo kapena ku Mulanje masupuni aang'ono awiri, shuga masupuni aakulu asanu ndi imodzi, ndi kapu imodzi ya kombucha wakale pamodzi ndi scoby. Tiyi azizire kaye, chifukwa wotentha amapha yisiti ndi mabakiteriya omwe amagwira ntchitoyo. Mtsuko ukhale wagalasi; poto wa aluminiyamu amadyeka ndi asidi. Vindikirani ndi nsalu yothinana n'kumanga ndi mphira, apo ayi tintchentche tiikiramo mazira.

Chipatso mukachiika panthawi imeneyi chimayandama, mbali yake ina n'kukhala pamtunda pomwe asidi safika, ndipo chuku chimamera pomwepo. Masamba onunkhira monga lemon grass ndi minti ali ndi mafuta amene amafooketsa scoby pang'onopang'ono. Mukaona chuku chaubweya, chobiriwira, chakuda kapena choyera chouma, tayani zonse ndi scoby yomwe. Musayese kuchotsa pamwamba pokha.

Malangizo ambiri a pa intaneti amati mudikire masiku 7 mpaka 14, koma analembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira. Kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo kombucha amafulumira kusasa ngati thobwa losiyidwa padzuwa. Yambani kulawa tsiku lachinayi kapena lachisanu kuchokera pamene mwafulula. Akamawawasa koma kutsekemera kukumvekabe, wakwana. Chotsani scoby ndi kapu imodzi ya madziwo, musunge zofululira ulendo wina. Otsalawo ndiye okometsa.

Kufulula kwachiwiri kumachitikira m'botolo lotseka. Pa botolo la 500ml thirani masupuni aakulu anayi kapena asanu a madzi a chipatso, kenako dzazani kombucha koma musiye mpata wa zala zitatu kukamwa. Mango athu akupsa ali ndi shuga wambiri, choncho masupuni atatu akwana, ndipo muwasefe kuti ulusi utsale. Nanazi naye ndi waukali popanga gasi. Jinja wopala supuni yaing'ono imodzi, mukawonjezera madzi a ndimu supuni imodzi, ndiye amene ndingalangize woyamba kumene, chifukwa salephereka kawirikawiri. Makoko a ndimu musaikemo ndi choyera chamkati chija, chimawawitsa botolo lonse.

Zimandipweteka kuti anthu amafunafuna zipatso zodula za m'masitolo pamene malambe ndi bwemba zili mbwee m'misika yathu. Malambe amafuna nzeru pang'ono. Ufa wake mukauthira mwachindunji, potsegula botolo thovu limatumphuka mpaka kudenga, chifukwa gasi amagwirira pa timibulu ta ufawo. Viikani malambe odzaza dzanja m'kapu ya madzi owiritsa ofunda kwa ola limodzi, sefani pa nsalu, muthire masupuni anayi a madziwo. Popeza malambe ndi owawasa kale ndipo shuga wake ndi wochepa, onjezerani theka la supuni yaing'ono ya shuga kuti yisiti apeze chakudya, komanso gwiritsani kombucha amene sanasase kwambiri. Bwemba chimodzimodzi. Chidede chouma supuni yaing'ono imodzi chimapereka mtundu wofiira wokongola, ndipo lemon grass ndi bwino kumuwiritsa m'madzi ochepa, n'kuthira madzi akewo atazizira.

Tsopano za mabotolo, pakuti apa munthu akhoza kuvulala. Yisiti akamadya shuga wa chipatso m'botolo lotseka, gasi alibe kothawira. Botolo lagalasi lopyapyala kapena la makona anayi limaphulika. Gwiritsani mabotolo apulasitiki a zakumwa za gasi otsukidwa bwino, muziwafinya m'mawa ndi madzulo. Likalimba osabonyoka, lapsa. Nyengo yotentha zimenezi zimachitika pa tsiku limodzi kapena awiri, mu Juni mwina atatu kapena anayi. Liikeni mufiriji likazizire musanatsegule, ndipo tsegulani pang'onopang'ono, kukamwa kwa botolo kutaloza kutali ndi nkhope. Magetsi akathima nthawi yaitali botolo limafunda n'kuyambanso kuwira, ndiye masulani chitsekerero gasi atulukeko.

Ogulitsa azinena zoona kwa makasitomala awo: kombucha amakhala ndi kamowa pang'ono, ndipo shuga wa chipatso akachuluka, botolo n'kukhalitsa pofunda, mowawo umawonjezeka. Amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ndi bwino asamwe wofulula pakhomo asanafunse a zaumoyo. Ndipo si mankhwala a shuga kapena BP, choncho pasapezeke wosiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha chakumwachi.

Wowerenga wanu,
Salima