Za penshoni ija munandifunsa

Achemwali anga,

Uthenga wanu ndaulandira. Ndakondwa kumva kuti mvula yayamba bwino kumeneko komanso kuti miyendo ya mayi yapezako bwino. Kuno ku Leicester kukuzizira koopsa, ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo kwada kale.

Mwafunsa kuti ndibwera liti kumudzi kudzadya penshoni. Ndinaseka ndekha. Penshoni ya kuno imawerengera zaka zimene munthu wakhala akudulidwa msonkho wa National Insurance. Kuti ulandire yonse pamafunika zaka 35, ndipo zikapanda kukwana 10 supatsidwa ngakhale kobiri. Ine ndinafika kuno ndili wamkulu kale, ndiye werengani nokha.

Koma amene andimvetsa chisoni ndi mayi wachizungu woyandikana nane nyumba. Anabadwa kumapeto kwa 1954. Moyo wawo wonse ankadziwa kuti mkazi amapuma pa zaka 60, mwamuna pa 65. Mu 1995 nyumba ya malamulo inasintha zimenezi kuti onse azipuma pa msinkhu umodzi, ndipo mu 2011 anafulumizitsanso dongosololo. Iwo akuti nkhaniyi anaimva atasiya kale ntchito kuti azidwazika amayi awo. Penshoni anadzailandira mu 2020, ali ndi zaka 66. Zaka zodikirazo anazithera kukolopa m'maofesi mbandakucha, zala zitatupa ndi nyamakazi. Mpaka lero botolo la jamu amabwera nalo kwa ine kuti ndiwatsegulire.

Amayi obadwa m'zaka za m'ma 1950 amene zinawagwera chonchi ndi oposa 3 miliyoni. Mu 2015 anayambitsa gulu lawo lomenyera nkhaniyi lotchedwa WASPI. Mu Marichi 2024 Ombudsman wa kuno anapeza kuti boma linachedwa kuwalembera makalata owadziwitsa za kusinthaku, ndipo anati aliyense apepesedwe ndi ndalama zapakati pa £1,000 ndi £2,950. Mu Disembala chaka chomwecho nduna Liz Kendall anapepesa pakamwa, koma ndalama anati sapereka.

Ine zoti mwamuna ndi mkazi azipuma pa msinkhu umodzi sindikutsutsa ayi. Chimene chimandinyansa n'chakuti anafananitsa tsiku lopuma lokha, pomwe zaka za m'mbuyomo sizinali zofanana. Chaka cha 1978 chisanafike, mayi akakhala pakhomo kulera ana zaka zimenezo sizinkawerengedwa n'komwe. Mpaka 1977 akazi okwatiwa ankaloledwa kudulidwa msonkho wochepa, poganiza kuti adzadyera penshoni ya bambo. Nanga banja likatha? Inu mukudziwa bwino, achemwali, kwathu konko ndi akazi angati amene anakalambira kumunda ndi pamsika, dzina lawo losalembedwa pa peyirolo iliyonse, lero akungoyembekezera kuti mwina alowa mu Mtukula Pakhomo.

Palinso china choti mudziwe. Ndikabwerera ku Malawi, penshoni yanga idzangokhala pa mlingo umodzimodzi, osakweranso chaka ndi chaka monga imachitira kwa okhala kuno. Komanso msinkhu wopumira ukukwera kufika pa 67 pofika 2028. Ndiye nyumba ya lendi ija ku Chinamwali tisaigone. Mundifunsireko mtengo wa malata ndi simenti, ndione ngati ndingatumize kena kake mwezi ukatha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mayi muwauze kuti mafuta opaka aja ndawapeza, ndipatsira munthu amene akubwera pa Khirisimasi.

Ndine wanu,
Nangozo