Kalata kwa a Nduna a Zaulimi: nsangu ndi gliricidia zilowe mu FISP

Olemekezeka a Nduna,

Kuno ku Lusaka m'mawa uliwonse njinga za makala zimalowa mu Great East Road, matumba osanjikiza mpaka wopalasa osaoneka. Ogula ndife tomwe, malaiti akathima mbaula ndiye imatipulumutsa, ndiye wootcha sindimunyoza ayi. Changa ndi kafukufuku amene dziko lino linachita kalekale koma kuminda yambiri sanafike.

Ku siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Msekera ku Chipata, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za ulimi wophatikiza mitengo ndi mbewu, pamodzi ndi a boma ankayesa kugoneka munda ndi mitengo ya sesbania, tephrosia ndi gliricidia, zaka ziwiri zitatu basi kenako kudula, masamba kukwirira, nkubzala chimanga. Nthaka yoguga ija inkadzukanso chifukwa mitengoyi imabwezera nayitulojeni, ndipo nkhuni amayi amatola pamunda pomwepo osalowa m'nkhalango. A Conservation Farming Unit, bungwe lophunzitsa ulimi wosamala nthaka, nawonso akhala akulalikira za nsangu, mtengo wa khalidwe lakelake, umayoyola masamba nthawi ya dzinja anzake akuphukira, ndiye chimanga pansi pake sichisowa dzuwa, manyowa aulere. Kungoti umachedwa kukula, mlimi wa njala sangaudikire payekha.

Nanga bwanji FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ang'onoang'ono ndi zipangizo zaulimi, kwa ambiri ikadali fetereza wa D compound ndi urea, ndi mbewu basi? Munda ukatopa munthu amakatsegula wina m'miombo, mitengo wagwetsayo nkuotcha makala kuti apeze ya fetereza, chaka chamawa chimodzimodzi. Mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pachaka, ndi chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri, ndipo mitengo ikapita bowa, masuku, vinkubala ndi uchi zomwe amayi amagulitsa pa msika wa Soweto zimapita nawo.

Mu 2024, chaka cha chilala chija, anzanu a unduna wa Green Economy, woona za chilengedwe, analetsa ziphaso za makala ku Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji. Chabwino, koma munthu chimanga chapsa, makala mwaletsa, adye chani?

Pempho langa nali bwana: mbewu ndi mbande za mitengoyi zilowe mu vocha ya FISP, ndipo alangizi a m'makampu apatsidwe mafuta a njinga zamoto kuti azifika kumudzi isanagwe mvula. A COMACO, kampani yogula zokolola kwa alimi osamala chilengedwe kuchigwa cha Luangwa, aonetsa kale kuti alimi amabzala gliricidia akadziwa kuti nshawa ndi soya wawo pali wogula. Akatswiri a ZARI, nthambi ya boma ya kafukufuku wa zaulimi, muli nawo pa Mount Makulu ku Chilanga pompa, ayitaneni bajeti isanalembedwe.

Ine wanu,
Mwana wa mlimi wa kum'mawa, wokhala ku Chawama