Kalata kwa Makolo Potseka Teremu: Za Malinga ndi Nyumba Zachifumu za ku Ulaya

Okondedwa makolo ndi nonse osunga ana,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi onse. Teremu yatha ndipo ana akubwera ndi malipoti awo. Chonde muwawerenge muli pamodzi ndi mwanayo, musangosayina. Koma ndisanafike pa zina, ndili ndi ngongole kwa inu. Pamsonkhano wathu wapitawu bambo wina anaimirira nafunsa mwaulemu chifukwa chimene mwana wawo wa Fomu 3 amafikira kunyumba malaya ali dongo lokhalokha, ati akuumba nyumba za mafumu a ku Ulaya, chonsecho mayeso ali pakhomo. Ambiri munagwedeza mitu kuvomereza. Tsiku lija dzuwa linatithera, ndiye ndiloleni ndiyankhe muno.

Zinayamba ndi funso la mtsikana wina. Aphunzitsi a mbiri yakale ankafotokoza za pangano la mtendere lomwe linasayinidwa ku Versailles pa 28 June 1919, itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mtsikanayo anakweza mkono nati, "Aphunzitsi, kodi Versailles ameneyu anali mfumu ya dziko liti?" Palibe anaseka, poti ambiri ankaganiza chimodzimodzi. Dzinali analiloweza, kulemba ankalemba bwinobwino, koma sankadziwa kuti ndi nyumba, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda wa Paris, ku France. Ataonetsedwa chithunzi pafoni, mnyamata wina anafunsa ngati imeneyo ndiyo castle imene amaiona m'mabuku a Chingerezi. Apa m'pamene tinazindikira kuti mawu awiri, castle ndi palace, ana athu amangowamva ngati amodzi: nyumba ya mfumu basi.

Aphunzitsiwo atabwera muofesi kudzapempha masana angapo kuti ana aumbe nyumba zimenezi, poyamba ndinakana. Maganizo anga anali ngati a bambo aja. Ndinavomera iwo atandikumbutsa kuti m'Chichewa kusiyanaku tili nako kale. Castle ndi linga, palace ndi nyumba yachifumu. Kalasi inagawidwa pawiri, ena a linga, ena a nyumba yachifumu, ndipo lamulo linali limodzi: chilichonse chimene waika pa choumba chako, ufotokoze ntchito yake.

A linga anayambira ku England. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, anawoloka nyanja nagonjetsa dzikolo. Anthu ake anali ochepa pakati pa mtundu umene sunkawafuna, choncho paliponse pamene afika ankaunjika dothi ngati chulu chachikulu, pamwamba n'kumangapo nsanja ya mitengo, kuzungulira n'kukumba ngalande ndi kuzika mpanda. Windsor, komwe mafumu a ku Britain amakhalako mpaka lero, inayamba motero, ndipo nsanja yake yozungulira ikadali pamwamba pa chulu chomwecho. Pambuyo pake mitengo inalowedwa m'malo ndi miyala. Cha m'ma 1078 anayamba kumanga White Tower, yomwe ili pakati pa Tower of London. Makoma ake m'munsi ndi ochindikala kupitirira mamita 4. Ana anayeza mamita amenewo ndi chingwe pabwalo, ndipo anangoti kukamwa yasa poona kuti khoma lokha likanadzadza theka la kalasi yawo. Khomo la nsanjayo silinali pansi. Linali m'mwamba, lofikako pa makwerero a matabwa, oti adani akayandikira angochotsedwa.

Ndinaima kumbuyo tsiku lina gulu lina likumaliza linga lawo. Makoma anali a dongo, zipata za mapesi, mlatho wa katoni womangirira ulusi kuti uzikwezeka. Mazenera anangocheka ndi lezala timing'alu tating'ono, topyapyala kunja koma totambasuka mkati, kuti woponya mivi aziona mdani iye osaoneka. Zonse zinali bwino, koma chitsime anachiika kunja kwa khoma, chifukwa ndi mmene mjigo umakhalira kwathu kuno. Mtsikana wina wa gulu lomwelo, amene kawirikawiri salankhula m'kalasi, analoza ndi chala nati, "Akatizinga miyezi itatu, madzi tikatunga kuti?" Anagumula mbali imeneyo n'kuyambiranso, ndipo mosauzidwa ndi munthu anawonjezamo nkhokwe ndi khola. Mwana ameneyu anagwira mutu wa nkhani yonse. Malinga ambiri sankagwa chifukwa chogumulidwa. Adani ankangowazinga n'kudikira kuti njala ndi ludzu zitsegule chipata.

N'chifukwa chakenso malo ankasankhidwa mosamala. Linga la Edinburgh ku Scotland lili pamwamba pa thanthwe lalitali, lovuta kukwera mbali zitatu. La Caernarfon, lomwe Edward I, mfumu ya England, anayamba kumanga mu 1283 atagonjetsa Wales, lili m'mphepete mwa madzi kuti chakudya ndi asilikali zizifika pa zombo ngakhale njira zakumtunda zitatsekedwa. Ku Poland kuli Malbork, linga lalikulu zedi lomangidwa ndi njerwa zootcha, zomwe ana anakondwa nazo chifukwa njerwa amazidziwa.

Nanga malinga anathera pati? Ana anapeza zifukwa ziwiri. Choyamba ndi wonga. Mizinga itakula mphamvu, khoma lalitali linasanduka chandamale, ndipo mu 1453 makoma a mzinda wa Constantinople (Istanbul wa lero), omwe anapirira zaka pafupifupi 1,000, anabooledwa ndi mizinga ya Mehmed II, mfumu ya anthu a ku Turkey. Chachiwiri, mafumu akuluakulu anayamba kukhala ndi asilikali awoawo ambiri, n'kuchepetsa mphamvu za nduna zomwe kale iliyonse inali ndi linga lake. Nkhondo inasamukira kumalire, kutali ndi pogona mfumu.

Apa ndi pamene a nyumba yachifumu anatengera nkhani. Dzina lakuti palace linachokera ku phiri la Palatine mumzinda wa Rome, pomwe Augustus ndi mafumu omutsatira ankakhala. Koma chitsanzo cha anawo chinali Versailles yemwe uja. Poyamba panali kanyumba kofikirako Louis XIII, mfumu ya France, akapita kosaka nyama. Mwana wake, Louis XIV, anayamba kukakuza m'ma 1660, ndipo mu 1682 anasamutsirako boma lonse. Malowo ndi achidikha, palibe thanthwe, palibe khoma lotchinga adani. Muli chipinda chotalika mamita 73, mbali imodzi mazenera akuluakulu 17 oyang'ana kumunda wa maluwa, mbali inayo magalasi odziyang'anira 357, pa nthawi imene kalilole mmodzi anali chuma chosowa. Ana anamata timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a bisiketi, ndipo ataika choumbacho padzuwa chinkathobwa m'maso.

Za madzi ndi zimene zinandikhudza ine. Ku linga, madzi ndi moyo, amabisidwa mkati. Ku Versailles anamanga makina a mawilo akuluakulu 14 pamtsinje wa Seine, pafupi ndi malo otchedwa Marly, okoka madzi kukweza mtunda kuti azikathovoka m'minda alendo n'kumaonerera. Mwini linga ankafuna kuti woona achite mantha abwerere. Mwini nyumba yachifumu ankafuna kuti woona alowe, agome, adzione kuchepa. Komatu Louis XIV sanali wopanda mantha. Ali mwana anaona nduna zikuukira ufumu, mpaka banja lake linathawa mu Paris usiku. Atakula anaziitanira nduna zija kunyumba kwake, kuti zizipikisana pa kuima pafupi ndi iye podzuka ndi pakudya, zili pamaso pake, kutali ndi malinga awo.

Mnyamata wina wa gulu la linga anafunsa chimene chikanachitika adani akanafika pa nyumba yotereyi. Yankho lilipo m'mbiri. Pa 5 October 1789 amayi a mu Paris, buledi atasowa ndi kukwera mtengo, anayenda wapansi mvula ikugwa mpaka ku Versailles. M'mawa mwake khamu linalowa m'nyumbamo, ndipo Louis XVI ndi banja lake anatengedwa kupita ku Paris. Sanabwererenso.

Pa tsiku loonetsa, aphunzitsi anawatchera msampha. Anaonetsa chithunzi cha Neuschwanstein ya ku Bavaria, m'dziko la Germany, yokhala paphiri, nsanja zake zosongoka. Onse anafuula kuti ndi linga. Koma Ludwig II, mfumu ya Bavaria, anayamba kuimanga mu 1869, nthawi ya malinga itapita kalekale, ndipo anaikamo madzi a m'mipope ndi zotenthetsera zipinda. Inamangidwa kuti ikongole, osati kuti itchinge nkhondo, ndipo mwiniyo anamwalira mu 1886 isanathe. Zilipo zinanso zosalola kuikidwa mbali imodzi. Louvre ya ku Paris inayamba ngati linga cha m'ma 1190, inasanduka nyumba yachifumu, ndipo kuyambira 1793 ndi malo osungirako zinthu zakale ndi zojambula. Alhambra ya ku Granada, ku Spain, kunja ndi makoma a nkhondo, mkati ndi mabwalo a madzi ndi zozokota. Ana anakangana mpaka belu linalira, ndipo sindinafune kuwaletsa.

Mwina wina anganene kuti zonsezi n'za eni ake. Ndi zoona, ndipo tazisiya kwawo komweko. Koma mlonda wathu, bambo wachikulire, atamva mawu akuti linga anaima pakhomo la kalasi n'kufotokoza zimene agogo ake ankasimba, za midzi yotchingidwa ndi mipanda pa nthawi ya nkhondo za Angoni, ndi za anthu othawira m'mapiri. Anawakumbutsa kuti ku Nkhotakota dzina lakuti Linga likadalipo. Aphunzitsi anawonjeza kuti Mangochi inkatchedwa Fort Johnston, Mchinji Fort Manning, Chitipa Fort Hill, ngakhale amenewo anali malo a asilikali chabe, osati kwawo kwa mfumu monga linga la ku Ulaya. Ndipo m'chipinda cha magalasi chija, momwe pangano lija linasayinidwira, ndi momwe Germany inalandidwira dziko la kutsidya kwa Songwe, lomwe linadzatchedwa Tanganyika, pambuyo pa nkhondo imene inamenyedwanso ku Karonga mu 1914, imene makolo athu ambiri anasenzamo katundu ngati amtengatenga.

Bambo amene munafunsa, ndinu munandipatsa mpata wolemba zonsezi, ndipo ndikuthokozani. Za malaya ndikupepesa. Tinayenera kuuza ana kuti azibwera ndi zovala zakale, ndipo ulendo wina tidzatero. Mayankho a ana pa funso la pangano lija ndawawerenga ndekha, ndipo ambiri alemba ngati anthu amene akudziwa malo amene akunena.

Zoumbazo taziika mulaibulale, pamwamba pa mashelefu kuopa chiswe ndi chinyezi. Mukabwera kudzaonana ndi aphunzitsi, lowani mudzaone, ndipo mwana wanu akufotokozereni yekha. Tsiku lotsegulira ndi zofunika kubweretsa zalembedwa kumapeto kwa lipoti. Amene muli ndi vuto la fizi, bwerani tidzakambirane sukulu isanatsegulidwe, musamusunge mwana kunyumba mwakachetechete. A Fomu 2 ndi Fomu 4 apatsidwa ntchito ya patchuthi, choncho pakati pa kumunda ndi kumsika muwasiyireko ola limodzi kukadali kowala.

Pempho langa lomaliza ndi ili. Teremu ikubwerayi ana akufuna kuumba linga la kwathu kuno. Ngati pakhomo panu pali agogo amene anamva kwa akuluakulu awo mmene mipanda ija inkamangidwira, mitengo imene ankazika, pomwe chipata chinkayang'ana ndi komwe ankatunga madzi, tumizani uthenga kudzera mwa mwana. Tidzawatenga ndi kuwabweza tokha.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu